Khadi la NHIMA Lili Pakamwa pa Aliyense

Mu 2025, mwambo wa Kulamba utangotha ku Mkaika, alendo a ku Malawi ndi ku Mozambique asanafike n'komwe kwawo, m'misika ya kuno kum'mawa munalowa nkhani yatsopano: akuti NHIMA ndalama zaithera, ndipo zina zimene khadi lake linkalipira kuchipatala azichotsa. Amene anaimva pa wailesi anakauza amene analibe mabatire, ndipo pofika pa Katete Stores nkhaniyo inali itanenepa kale. Ku Sinda inafika ili yoti khadi lathetsedwa basi. Ku Vubwi inafika mochedwerako, ndipo kumeneko anthu ambiri, asanayambe kudandaula, anafunsa kaye kuti khadi lakelo ndi liti.

Fupa la nkhaniyi ndi lalifupi. Nyumba ya malamulo inavomereza lamulo la inshuwalansi ya zaumoyo ya dziko lonse mu 2018, ndipo bungwe loiyendetsa ndi National Health Insurance Management Authority, limene aliyense amangoti NHIMA. Kudula ndalama pa malipiro kunayamba mu Okutobala 2019, ndipo odwala anayamba kuthandizidwa ndi khadi mu Febuluwale 2020. Wapantchito amadulidwa 1 peresenti, womulemba ntchito n'kuwonjezerapo 1 peresenti ina. Mlimi, wamsika kapena wanjinga yamoto amaloledwa kulowa n'kumasonkha yekha mwezi ndi mwezi. Okalamba opitirira zaka 65, olumala amene sangathe kugwira ntchito ndi anthu amene boma lawalemba kuti ndi ovutikitsitsa, lamulo likuti asasonkhe. Bungweli silinatsekedwe. Chimene akuluakulu akhala akuvomera poyera n'chakuti ndalama zimene zipatala ndi mafamase zikuitanitsa zaposa zimene zikusonkhedwa, ngongole zaunjikana, ndipo pakufunika kuchepetsa zimene khadi limalipira kapena kupeza ndalama zina. Zotsalazo ndi nsinjiro zothira eni dera.

Pamsika wa Katete mkangano waukulu unali wa amayi awiri oyandikana matebulo, wina wa tomato, wina wa kapenta. Awiriwa akhala akutsutsana pa nkhani iliyonse kuyambira nthawi ya a Mwanawasa, koma masana amadyera mbale imodzi. Amayi a tomato analembetsa khadi mwana wawo wa ku Lusaka atawaumiriza, ndipo ankalipira pafoni osaphonya mwezi. Chilembetsereni sanadwalepo, ngakhale chimfine. Atangomva zoti zinthu zikudulidwa, anaganiza zokatenga zawo.

"Asisi, pa chilimba aliyense tsiku lake limakwana. Ine langa likwana liti? Ndidwale dala?"

Amayi a kapenta anawayankha kuti chilimba ichi n'cha mtundu wina: wolandira ndi amene tsoka lamugwera, ndipo amene sanalandirepo ndiye wamwayi. "Mukufunanso mwayi wotani kuposa kukhala pano mukunena anthu, miyendo yonse iwiri ili yanu?" Mzere wonse wa matebulo unaphulika ndi phwete, mpaka wogula wina anaiwala chenji. Koma amayi a tomato sanagonje. Anati ngati zili choncho, wosunga ndalamayo abwere ndi buku, awerenge pamaso pa onse kuti zinalowa zingati, zinapita kuti, ndani sanapereke. Pamenepo ndili kumbali yawo ndi mtima wonse. Munthu amene wachotsa phindu la mabeseni awiri a tomato n'kupereka ku ofesi imene sanaionepo ali ndi ufulu womva kuti ndalama za chigawo chake zathandiza angati, ndiponso kuti mabwana amene amadula antchito awo koma osatumiza ndalamazo akuwachita chiyani.

Mu saluni ina pafupi ndi siteji ya mabasi, nkhani inali itakhotera kwina. Kumeneko akuti kubereka kuchipatala kuyamba kulipiritsidwa. Mtsikana wina woyembekezera, tsitsi lolukidwa theka, anayamba kuwerengera ndalama pa zala. Mwamwayi pa benchi panali amayi ena a gulu la SMAG, aja odzipereka oyenda m'midzi kulimbikitsa uchembere wabwino, ndipo anadzuka chopukutira chili kumutu. "Mwana wanga, iwalako zimenezo. Sikelo ndi yaulere, kuchira kukiliniki n'kwaulere, khadi ulinalo kaya ulibe. Ukachirira panyumba chifukwa cha bodza la mu saluni, mbuzi ya amfumu udzalipira wekha, woluka tsitsiyu sadzakuthandiza." Wolukayo anati iye anangomva kwa kasitomala wa dzulo. Kasitomala wa dzuloyo, atafufuzidwa, anapezeka kuti anamva kwa wolukayo.

Amene nkhaniyi yawagwira pamtima kwenikweni ndi a pepala la malipiro: aphunzitsi, apolisi, a ku khonsolo. Pa nsolo kuseri kwa golosale ina ku Boma, mphunzitsi wina anatulutsa pepala lake pafoni n'kuyamba kuwerenga mokweza zonse zimene zimachotsedwa asanaone ndalama: msonkho, penshoni, chitaganya cha aphunzitsi, ngongole ya kubanki, ngongole ina yolipirira ngongole yoyambayo, ndiye kenako NHIMA. Anati zonsezo amapirira, koma wamva kuti ena akufuna kuti 1 peresenti ija azidula pa malipiro onse pamodzi ndi maalawansi. Mnzake anamukumbutsa kuti khadi litangoyamba, pasukulu pawo aphunzitsi onse anavala magalasi teremu imodzi, kuphatikizapo wamasewera amene amaona mpira uli tsidya lina la dambo. "Achimwene, thumba limene mukulilirali munayamba kulibowola ndinu." Mphunzitsiyo anavula magalasi, nawapukuta, n'kuyankha kuti maso ake anali ofooka kuyambira kale, kungoti ndalama yoyezetsera analibe. Ndipo mwina ankanena zoona. Anthu ambiri anakhala zaka ndi dzino lobooka kapena diso la nkhungu, ndipo khadi litabwera anathamanga onse nthawi imodzi. Zimenezo zinalemetsa bungweli, koma zinaonetsanso kuchuluka kwa matenda amene anthu ankangogona nawo.

Panalinso wapolisi wachibemba, ndipo chimbuya sichikanalephera. Iye anati anthu a kum'mawa safunika inshuwalansi chifukwa mbewa zimene amadya ndi katemera wokwanira. Anamuyankha kuti adikire mzere wa NHIMA ukadzatsegulidwa wa anyani, adzakhale woyamba kulembetsa abale ake. Anaseka mpaka nsolo unasokonekera, ndipo amene ankagonja ananena kuti masewera ayambirenso.

Mkulu wina wopuma pantchito, amene anaphunzitsa theka la anthu okhala pamenepo, anadikira phokoso lizizire. Iye samalankhula asanakhosomole kawiri. Anati dziko lathu si loyamba kuyesa zimenezi. Ghana inakhazikitsa inshuwalansi yake mu 2003, ndipo poona kuti anthu apantchito yolembedwa ndi ochepa, inaika msonkho wa 2.5 peresenti pa katundu wogulidwa kuti aliyense wogula kanthu aponyepo kangachepe. Ku Rwanda mabanja amasonkha pachaka, ndipo ovutikitsitsa boma limawalipirira. "Ana anga, kuno tasenzetsa mtolo wonse anthu ochepa a malipiro, pamene odwala ndi dziko lonse. Masamu amenewo ngakhale wa giredi 5 angakuuzeni kuti sakutheka." Onse anagwedeza mitu monga ankachitira m'kalasi mwake, ena mwina osamvetsa monganso ankachitira m'kalasi mwake.

Mnyamata wa kabuthi kotumizira ndalama, amene foni siichoka m'manja, anaponyapo yakunja. Anati ku America nakonso akudula. Kumeneko kuli Medicaid, inshuwalansi ya boma ya anthu opeza zochepa imene inayamba mu 1965 ndipo imathandiza anthu pafupifupi 70 miliyoni. Pa 4 Julaye 2025 a Donald Trump anasaina lamulo lochepetsa ndalama zake kwa zaka khumi zikubwerazi, ndipo ofesi yowerengera bajeti ya nyumba ya malamulo ya kumeneko ikuti anthu enanso pafupifupi 10 miliyoni adzakhala opanda inshuwalansi pofika 2034. Bambo wina wokonza njinga anaimitsa sipanala m'mwamba. "Iwe, ukunena kuti ku America kulinso osauka?" Atauzidwa kuti aliko, ndiponso kuti kumeneko kugona chipatala usiku umodzi kungamugulitsitse munthu galimoto, bamboyo anati ndiye mwana wake amene akulimbikira zopita kumeneko ayambe wachotsa dzino lomuvuta lija konkuno.

Dzina la America litatchulidwa, nkhani inalumphira kwa kazembe uja analira. Pa 8 Meyi 2025 kazembe wa dzikolo ku Lusaka, a Michael Gonzales, analengeza kuti boma lawo lichotsa madola 50 miliyoni pachaka, pafupifupi K1.4 biliyoni, pa thandizo la mankhwala a malungo, HIV ndi chifuwa chachikulu, kuyambira Januwale 2026. Chifukwa chake anati ndi kuba. Pakati pa 2021 ndi 2023 anthu awo anayendera mafamase oposa 2,000 m'dziko muno, ndipo mwa amene ankagulitsa mitundu ya mankhwala imene America imapereka, 95 peresenti anapezeka ndi mankhwala obedwa, oyenera kuperekedwa kwaulere. Polengeza zimenezi kazembeyo anagwetsa misozi pamaso pa atolankhani, ndipo misozi imeneyo ikukambidwabe mpaka lero. Madala a pa nsolo anagawikana. Ena akuti mwamuna wamkulu salira pagulu pokhapokha pamaliro. Ena akuti ndiye analira pamalo pake, chifukwa ankaona maliro akubwera. Gogo wina wamwamuna, amene anali chete nthawi yonseyi, anangofunsa kuti nanga amene anaba mankhwalawo analirapo ndani.

Pa nkhani iyi kuseka kumachepa, ndipo ndimaona anthu ena pagulu akumvetsera mwakachetechete osaponyapo mawu. Anthu oposa 1 miliyoni m'Zambia ali pa ma ARV. Ambiri a iwo akukumbukira mantha a Januwale ndi Febuluwale 2025, pamene boma la America linaimitsa mwadzidzidzi ntchito zambiri za thandizo lakunja, ogwira ntchito m'mapulojekiti n'kuuzidwa kuti akhale kunyumba. Unduna wa zaumoyo wakhala ukutsimikizira anthu kuti mankhwalawa alipo ndipo apitirira kuperekedwa kwaulere. Mawu amenewo ayenera kusungidwa, chifukwa munthu wakumwa mankhwala a moyo wonse alibe mwezi woti n'kudikira kuti maofesi agwirizane. Amayi ena anandinong'oneza kuti iwo za khadi alibe nazo ntchito, chimene amayang'ana ndi botolo lawo basi, kuti latsala ndi masiku angati.

Amene akufuna kumva mtengo weniweni wa matenda apite kwa odikira odwala kunja kwa chipatala cha St Francis. Chipatalachi chinayambitsidwa mu 1948 ndi wansembe wa Anglican amene analinso dokotala, Francis Trefusis, ndipo lero chimayendetsedwa ndi mpingo wa Anglican pamodzi ndi wa Katolika. Chimalandira odwala ochokera kutali, a ku Sinda, Chadiza, Vubwi, ngakhale ena odutsa malire a Chanida kuchokera ku Mozambique, chifukwa mbiri ya maopaleshoni ake inapita patali. Pamafuwa pamene odikirawo amaphikira pamakhala msonkhano wosatha. Kumeneko ndinamva masamu omveka bwino kuposa ena onse. Amayi ena ochokera kudera la mfumu Kawaza anawerenga motere: wanjinga yamoto wowanyamula usiku, galimoto yochokera pamsewu waukulu, ufa ndi makala a milungu iwiri, sopo, ndi ndalama yolipira munthu woyang'anira ziweto kumudzi. Mbuzi ziwiri zinapita dokotala asanagwire n'komwe wodwalayo. "Chipatala chatisamala bwino, amayi. Chatidya ife ndi njira." Mnzawo anafunsa ngati khadi la NHIMA limalipira wanjinga yamoto. Atamva kuti ayi, anati ndiye alidule, asalidule, phala la wodwala wake likupsa.

Mawu amenewo ali ndi nzeru, koma akusowa mbali imodzi, ndipo ndi mbali imene ndikufuna anthu aimve. N'zoona kuti boma linachotsa malipiro m'zipatala za kumidzi mu Epulo 2006, nthawi ya a Levy Mwanawasa, ndipo mu 2012 linafalitsa zimenezi ku makiliniki a dziko lonse. N'zoonanso kuti khadi limagwira ntchito makamaka m'zipatala zikuluzikulu ndi m'mafamase ovomerezeka, pamene kukiliniki ya kumudzi munthu amangolowa ndi kabuku kake. Koma ndalama imene NHIMA imalipira chipatala chifukwa cha mphunzitsi mmodzi siithera pa mphunzitsiyo. Imalowa m'thumba la chipatala, n'kugula mankhwala amene atha, zoyezera magazi, mafuta a jenereta magetsi akazima. Amayi a kwa Kawaza aja, amene khadi sanaligwirepo, amapindula nayo osadziwa. Bungweli likachedwa kulipira kapena likachepetsa, woyamba kumva kupweteka ndi wodwala wopanda kanthu amene adzapatsidwe kapepala n'kuuzidwa kuti akagule kunja. Wapantchito adzadandaula, koma adzagula. Mlimi wa mpendadzuwa adzapinda kapepalako, n'kukaika m'Baibulo, n'kubwerera kumudzi.

Mu minibasi yopita ku Sinda, nkhani ya khadi inakumana ndi nkhani ya chimanga, ndipo ya chimanga inapambana. Pambuyo pa chilala cha 2024, chimene a Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 Febuluwale chaka chimenecho, mvula inabwera bwino ndipo anthu anakolola zochuluka. Bungwe la boma logula chimanga la FRA linaika mtengo wa K340 pa thumba la makilogalamu 50, alimi anatuta matumba pa ngolo kupita kumadepoti, ndipo ambiri anadikira malipiro awo milungu yambiri. Bambo wina wa chipewa cha mlaza, atapanikizika pakati pa thumba la soya ndi nkhuku ziwiri, anati iye ndi wokonzeka kulowa NHIMA lero lomwe. "Auzeni akatenge kwa FRA. Boma lili ndi ngongole yanga, ine ndili ndi ngongole ya boma, akambirane okhaokha, ine andipatse khadi basi." Kondakitala anati nayenso azitero: aliyense wopanda ndalama ya basi akatenge kwa FRA. Bamboyo analipira msangamsanga.

Anthu anaseka, koma maganizo a bamboyo ndi olemera kuposa mmene anawanenera. Mlimi wa thonje, soya kapena mtedza amaona ndalama kamodzi pachaka, kuyambira Juni mpaka Seputembala. Kumuuza kuti azisonkha mwezi uliwonse, kuphatikizapo Januwale ndi Febuluwale pamene nkhokwe yapepuka ndipo ana akufuna mayunifolomu, n'kumuuza kuti khadi lake lizikhala lakufa nthawi yeniyeni imene malungo afika pachimake. Mlimi yemweyo amakwanitsa kupereka K400 ya FISP, ndondomeko ya boma ya feteleza wotsika mtengo, kamodzi pachaka chifukwa tsiku lake amalidziwa ndipo feteleza amamuona ndi maso. Bwanji khadi osalikonza motero, kusonkha kamodzi pa nthawi yokolola, kudzera m'makopaletivu omwewo? Asanayambe kudula zimene khadi limapereka, akadayamba ayesa kulifikitsa kwa anthu m'njira yogwirizana ndi kalendala ya kumunda.

Sinda inakhala boma payokha mu 2012, itadulidwa ku Petauke ndi Katete, ndipo odwala ake ambiri amadalira chipatala cha mishoni cha Nyanje, cha mpingo wa Reformed Church in Zambia. Panjira yopita kumeneko, pansi pa mtengo wa mango pamene anthu amalandirira ndalama za Social Cash Transfer, panali agogo aakazi amene akulera zidzukulu zinayi. Ndalama imeneyi inakwera kuchoka pa K200 kufika K400 pamwezi, ndipo imabwera pa miyezi iwiri iliyonse. Mdzukulu wawo wamkulu anali atawauza kuti pali khadi lachipatala lofunika kusonkhera. Agogowo anamanga ndalama zawo pa nsonga ya chitenje, mfundo ziwiri, n'kunena kuti: "Boma landipatsa ndi dzanja ili, ndiye ndilibwezere ndi dzanja linali? Mwana wanga, ine sindinapite kusukulu koma sindine wopusa." Atauzidwa kuti munthu wa msinkhu wawo lamulo silimukakamiza kusonkha, anadabwa, n'kufunsa kuti nanga n'chifukwa chiyani palibe anabwera kudzawauza, pamene a katemera wa ng'ombe amafika mpaka pakhola.

Funso la agogowo lili ndi mchira. Lamulo likamati wosauka asasonkhe, ndiye kuti wina ayenera kumusonkhera, ndipo winayo ndi thumba la boma. Popanda ndalama imeneyo, ufulu wa agogo umangokhala papepala. Atsogoleri a mu Africa analonjezana ku Abuja mu 2001 kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo, ndipo bajeti ya Zambia ili pansi pa mlingo umenewo. Anthu a kuno ali ndi chifukwa chapadera chokhulupirira kuti zinthu zotere n'zotheka. Ku Katete n'kumene boma linayesera, mu 2007, kupereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa okalamba a zaka 60 kupita m'tsogolo m'mawodi angapo, pamene ambiri ankati dziko losauka silingakwanitse. Mkulu wina pamzerepo anakumbukira kuti masiku amenewo anthu ankadzikweza zaka, ndipo mlamu wake wina anakalamba zaka zisanu ndi ziwiri usiku umodzi. Mlamuyo, amene anali pamzere womwewo, anati reji yake ndiyo inali yolakwika kuyambira kale.

Ku Vubwi nkhani zimayenda mwamtundu wina. Bomali linadulidwa ku Chadiza mu 2012, lili m'dziko la mfumu Pembamoyo, ndipo lapanikizika pakati pa Malawi ndi Mozambique moti m'midzi ina foni imagwira netiweki ya ku Mchinji bwino kuposa ya kwathu. Mnyamata wina anati anayesa kulembetsa khadi pafoni atakwera pachulu, ndipo uthenga umene unabwera unali womulandira ku Malawi. Kalaliki wina wa boma amene khadi alinalo anafotokoza vuto lake: mankhwala akasowa, amamulembera kapepala koti akatenge kufamase yovomerezeka, ndipo famase yoteroyo njodalirika kuipeza ku Chipata. Ndalama ya ulendo wopita ndi kubwera imaposa mtengo wa mankhwalawo. Choncho amadulidwa mwezi uliwonse, koma akadwala amagula panado pa kantini ngati wina aliyense. Anthu a ku Lusaka akamakamba zodula thandizo la m'zipatala zapulayiveti, a ku Vubwi amangoyang'anana, chifukwa n'kovuta kulira chinthu chimene sichinafikepo kwanu.

Anyamata okumba golide m'mapiri a kumeneko ali ndi maganizo awoawo. Mmodzi anati akadzapeza mwala waukulu adzagula chipatala chonse pamodzi ndi madokotala ake. Mnzake anamufunsa kuti nanga dzenje likamugwera mwalawo asanaupeze. Yankho linali lakuti pamenepo anzake adzasonkha. Ndipo amasonkhadi, mofulumira kuposa ofesi iliyonse, kungoti ndalama yosonkhedwa usiku ndi anyamata asanu siifika patali munthu akathyoka msana.

Za maambulansi zinakambidwanso. Boma linagula maambulansi 156 ndi ndalama za chitukuko cha madera za CDF, imodzi pa dera lililonse la phungu, ndipo anachedwa kufika mpaka anthu anayamba kuwatchula ngati nthano. Tsopano mkangano ndi wa mafuta ndi matayala, komanso wa milatho imene imamira mvula ikagwa masiku awiri. Sing'anga wina wa m'deralo, amene amavala jekete ngakhale mu Okutobala, anamveka akunena kuti iye nkhani yodulayi siikumudetsa nkhawa, pakuti kwake safunsa khadi, salemba kapepala kokagula kwina, ndipo amalandira nkhuku, ngakhale ya ngongole. Anthu anaseka, koma wazaumoyo wodzipereka wa m'mudzimo, amene amayenda panjinga ndi kabokosi koyezera malungo, sanaseke. Anati mwana wotentha thupi akachedwa masiku awiri, amafika kukiliniki magazi atatha. Anapempha sing'angayo kuti za mizimu ndi za m'banja azithana nazo yekha, koma mwana aliyense wotentha thupi azimutumiza kwa iye kaye, kuyeza n'kwaulere. Sing'angayo anavomera, n'kuwonjezera kuti nayenso mdzukulu wake akatentha thupi amamutumiza komweko, kungoti amadutsa njira ya kuseri.

Chisankho cha mu Ogasiti 2026 chinali kuyandikira, ndipo anthu ankadziwa kuti magalimoto a zimkuzamawu ayamba posachedwa kufika ngakhale kumene ambulansi imakanika. Pabwalo lina ku Vubwi, atatha kuweruza mlandu wa ng'ombe zodya m'dimba, anyakwawa anauza anthu awo kuti ulendo uno asalandire chitenje asanafunse funso. Amayi anakonza lawo: ndani adzalipirire khadi agogo ndi ana amasiye, ndipo ndalamayo ili pa tsamba liti la bajeti. Achinyamata anati adzafunsa za famase yovomerezeka pa Boma pomwepo. Wina anafunsa anyakwawawo kuti nanga iwo funso lawo ndi lotani. Anati iwo alibe funso. Aliyense wofuna voti ya mudzi wawo adzabwere mu Febuluwale mvula ili pakati, asiye galimoto yake pabwalo, akwere kumbuyo kwa njinga yamoto atanyamula thumba la ufa ndi ndowa monga amachitira wodikira wodwala, apite ku Chipata ndi kubwerako, ndipo wanjingayo amulipire za m'thumba mwake. Mnyamata wina wanjinga yamoto anaimika dzanja pomwepo n'kupempha kuti ulendo umenewo adzaupereke kwa iye, ndipo mtengo adzaunena akadzafika pa mlatho woyamba.